Khirisimasi ya Ana ku Mabeskraal: Tikapita Ngati Banja, Tikagwire Ntchito Yanji?



Mwandipempha kuti ndiyankhulepo pa maganizo amene ena mwa inu muli nawo, oti mabanja amene sitipita kumudzi mu Disembala tikathandize nawo pa phwando la Khirisimasi la ana ku Mabeskraal. Maganizowa ndi abwino, ndipo ine ndikuwavomereza. Koma ndisanati tiyeni, tigwirizane kaye chinthu chimodzi: phwandolo lili ndi eni ake. Ife tikupita kukabwereketsa manja, ndipo zonse zimene ndinene lero zikutsamira pamenepa.

Tiyambe ndi malowo, chifukwa ambirife timangodziwa msewu wa ku mgodi ndi wa m'tauni ya Rustenburg. Mabeskraal ndi mudzi waukulu kumadzulo kwa mapiri a Pilanesberg, m'chigawo cha North West, pansi pa khonsolo ya Moses Kotane imene likulu lake lili ku Mogwase. Eni ake ndi Atswana a mtundu wa Batlhako, ndipo ufumu wawo uli m'banja la a Mabe. Kuyambira 1977 mpaka 1994 dera limeneli linali mbali ya Bophuthatswana, kadziko kamene boma la tsankho linapanga n'kuikapo Lucas Mangope, maiko akunja osakavomereza. Mu 1979 Sol Kerzner anatsegula Sun City tsidya lina la mapiri omwewo, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa malo osungirako nyama a Pilanesberg, anthu ena atasamutsidwa pa malo amene ankalimapo ndi kudyetserapo ziweto. Dera lozungulira mapiriwa lakhala pa mwala wa pulatinamu, umene unadziwika mu 1924 n'kupatsidwa dzina la Hans Merensky, ndipo lero South Africa imakumba pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a pulatinamu yense wa pa dziko lapansi.

Choncho anthu a kumeneko si achilendo ndi alendo obwera ndi zabwino m'manja. Aona a migodi, a mahotela, a ndale. Aona matenti akukhomedwa m'mawa, zithunzi zikujambulidwa masana, magalimoto akutsitsa fumbi madzulo, kenako zii mpaka chaka chinanso. Ifenso tikakangotsika m'magalimoto titavala matisheti ofanana, m'maso mwawo tidzayamba tafanana ndi amenewo. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo komweko kamachekanso mwini mutu ngati wometayo sanafunse kuti ayambire pati.

Kwathu simungaimike tenti m'mudzi wa eni musanaonekere kwa anyakwawa. Kuno n'chimodzimodzi. Pali bwalo la mfumu, limene eni ake amati kgotla, ndipo pali khansala wa dera. Koma amene tiyenera kuwamvera koposa ndi amayi amene amaphikira ana ovutika chaka chonse, m'mipingo ndi m'sukulu za mkaka, popanda wowaombera m'manja. Iwowo ndi amene amadziwa khomo limene agogo akulera zidzukulu zisanu okha, ndi khomo limene wamkulu pa nyumba ndi mtsikana wa sukulu. Amadziwanso amene angabwere ndi ana a eni kudzatengera mphatso. Tikapita kwa iwo tisapite ndi ndondomeko yomaliza kale. Tikafunse kuti chikusowa n'chiyani, ndipo akatiuza kuti chikusowa ndi nkhuni ndi madzi, tisakhumudwe kuti ife timafuna kubweretsa zidole.

Tsopano ndinene chifukwa chake mawu oti "ngati banja" ndikuwalemekeza kwambiri. Agogo athu anabwera m'dziko lino okhaokha. Wenela, imene pambuyo pake inakhala Teba, inkalemba mwamuna, osati mkazi wake kapena mwana wake. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno. Ankagona m'makomponi, amuna okhaokha m'chipinda chimodzi, ndipo Khirisimasi yawo inali magule, mpira ndi mowa m'kati mwa mpanda. Ana awo anali ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba, akudikira sutikesi imene mwina ibwera ndi bulangete ndi wayilesi, mwina osabwera n'komwe. Dzina loti matchona silinachokere kumwamba. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo a Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Kulembako kunayambiranso mu 1977, kenako n'kutha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa mkangano wa zoyeza magazi.

Kwa zaka zonsezo, munthu wa m'midzi ya kuno ankamudziwa Mmalawi ngati wantchito wopanda khomo. Sankamuona akunyamula mwana, sankamuona akukangana ndi mkazi wake za mchere wa m'ndiwo. Nthawi zina ankamuona akusiya mwana kwa mkazi wa kuno n'kuzimiririka kontirakiti ikatha, ndipo n'kutheka kuti ena mwa ana amene tikawadyetse ali ndi magazi a kwathu osadziwa. Ndiye bambo wachimalawi akafika pa bwalo la mpingo ku Mabeskraal ali ndi mkazi wake ndi ana ake, n'kuvula jekete n'kuyamba kuwaza nkhuni, akuchita chimene agogo ake sanaloledwe kuchita. M'dziko limene anthu obwera akhala akuthamangitsidwa, monga zinachitikira mu Meyi 2008 ndi zaka zina zotsatira, kuonedwa ndi anansi ngati makolo a ana si nkhani yaing'ono.

Tibwere ku funso la ndalama, pamene makomiti ambiri amayambanirana. Kodi Disembala ndi wotani kwa mwana wa m'mudzi ngati umenewu? Kwathu mukudziwa phala la kusukulu, limene a Mary's Meals anayamba ku Malawi mu 2002. Kuno boma ndilo limadyetsa, kuyambira 1994, ndipo ana oposa 9 miliyoni amadya kusukulu tsiku lililonse lophunzira. Kufunika kwa chakudya chimenechi kunaoneka mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19: bungwe la Equal Education linakasuma, ndipo mu Julayi chaka chomwecho khoti linalamula boma kuti liyambirenso kudyetsa ana, kaya akupita m'kalasi kaya ayi. Koma tchuthi cha Disembala chikafika, miphika ya kusukulu amaivundikira mpaka pakati pa Januwale. Ndi masabata angapo amene mbale imodzi ya tsiku ndi tsiku imasowa pa khomo.

Ndalama ya boma yothandizira mwana mu 2024 inali R530 pa mwezi, pamene ofesi ya kalembera ya boma inati munthu amafunika R796 pa mwezi kuti angopeza chakudya chokwanira thupi. Ana a ambiri a ife salandira ngakhale imeneyo, chifukwa imapita kwa nzika, kwa amene ali ndi chilolezo chokhazikika, ndi kwa othawa kwawo ovomerezeka. Onjezanipo za ntchito. Mitengo ya miyala itatsika, mu 2024 Anglo American Platinum inalengeza zodula ntchito pafupifupi 3,700, Impala pafupifupi 3,900. Amene munali kuno mu 2014 mukukumbukira sitiraka ya miyezi isanu, mmene masitolo anaumira ndi mmene akatapila ananenepera. Mgodi ukachepetsa anthu, amayamba kumva ndi wogulitsa tomato, woyendetsa takisi, ndi agogo amene amadalira mdzukulu wa ku shafti.

Poona zimenezi, maganizo anga ndi awa. Pa ndalama iliyonse imene tisonkhe, gawo lalikulu lipite ku phukusi loti mwana atengere kunyumba: ufa, nyemba, mafuta ophikira, nsomba za m'chitini, sopo. Mpunga ndi nkhuku za tsiku limodzi zimatha madzulo omwewo. Komabe sindili m'gulu la anthu amene amati chisangalalo ndi kuononga ndalama. Ife tinakula tikudziwa kuti Khirisimasi imabwera nthawi yopalira, nkhokwe zitayamba kupepuka, ndipo ngakhale zinali choncho mayi ankayesetsa kuti tsiku limenelo pakhale mpunga, tambala agwe, ndi botolo la Fanta loti tigawane. Palibe amene ankawauza kuti ndalamayo akanagula feteleza. Mwana wosauka nayenso ali ndi ufulu wa tsiku loseka mpaka kupweteka m'mimba. Chimene ndikukana ndi kulipira theka la thumba lathu kubwereka chinyumba chopopa chodumphamo ndi zokuzira mawu, pamene mpira umodzi, chingwe cholumpha ndi achinyamata khumi odziwa kusewera ndi ana angachite ntchito yomweyo.

Pa za chakudya ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene tingagwe chagada. Mu Okutobala 2024 ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi, ku Soweto, atadya zakudya zogula m'kagolosale. Anapeza kuti munali mankhwala ophera tizilombo otchedwa terbufos. Pofika pakati pa Novembala, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anauza dziko kuti ana osachepera 22 amwalira m'njira zotere, n'kulamula kuti timagolosale tonse totere, totchedwa ma spaza, tilembetsedwe. Mukukumbukira amene analozedwa chala m'misewu: anthu obwera. Kaya chalacho chinaloza molondola kaya ayi, mantha aja akadalipo m'mitima ya makolo. Ndiye taganizani Mmalawi atanyamula thumba la maswiti ndi tchipisi zopanda dzina, zogula motchipa pamsika, akugawira ana a Atswana mazana awiri. Mwana mmodzi yekha akangosanza usiku umenewo, ngakhale chifukwa chake chikhale dzuwa, nkhaniyo idzafika pa WhatsApp tisanafike kunyumba.

Choncho chilichonse chodyedwa chigulidwe m'sitolo yodziwika, m'paketi yotseka, tsiku lotha ntchito likuoneka, ndipo malisiti asungidwe ndi munthu mmodzi. Zophika ziphikidwire pomwepo, pamaso pa eni mudzi, amayi a kumeneko akutsogolera. Musaphike mpunga usiku ku Rustenburg n'kuunyamula m'buti ya galimoto. Disembala wa kuno dzuwa limapitirira madigiri 30, ndipo mpunga kapena saladi ya mayonezi ikakhala maola angapo pa kutentha kotero imasanduka poizoni ikuonekabe bwino. Polony ndi masoseji osaphika tingozisiya. Mliri wa listeria wa 2017 ndi 2018, umene unapha anthu oposa 200, unachokera ku polony. Madzi nawonso amavuta m'midzi yambiri ya m'khonsolo imeneyi, mipopi imatha kuuma masiku. Amene ali ndi bakkie, mphatso yake yaikulu ingakhale migolo ya madzi akumwa ndi osamba m'manja, ndipo pa khomo la tenti pakhale beseni, sopo ndi munthu wothirira.

Amayi athu, ndikupempheni modzichepetsa. Ndikudziwa kuti m'mitima mwanu mumati nsima ya kuno siifika pa yathu. Tsiku limenelo mthiko ndi wa eni ake. Akafuna bogobe wawo, kapena ting wowawasa uja wa mapira, kapena nyama yophika mpaka kusansuka n'kuisinja, inu dulani anyezi, senderani karoti, tsukani miphika, ndipo phunzirani. Ana amene tikuwadyetsa anazolowera zimenezo. Akakufunsani za mandasi kapena thobwa, pamenepo ndiye muonetse luso lanu. Ubwenzi umene umayambira pa mafuwa umakhalitsa kuposa wa pa mipando ya alendo olemekezeka.

Abambo, nkhani yanu ndi yaifupi. Kuyendetsa galimoto n'kukaima pa mthunzi mukukamba za Chiefs ndi Pirates si kuthandiza. Pali tenti yokhoma molimba chifukwa mvula ya kuno imabwera ndi mphepo ndi ziphaliwali masana, pali zimbudzi zoti zikonzedwe, nkhuni, mipando, ndi wina woti aime pa msewu kuti ana asagundidwe. Mowa usapezeke, ngakhale m'galimoto. Ana ambiri amene abwere amaudziwa Disembala ngati mwezi umene bonasi imathera ku shabini ndipo kunyumba kumabuka ndewu. Aone tsiku limodzi amuna akuluakulu osanunkha mowa akuwatumikira.

Nanga ana athu? Apa ndi pamene makolo abwino amalakwitsa ndi mtima wabwino. Timamutenga mwana kuti "akaone mmene anzake akuvutikira, aphunzire kuyamika". Ndiye timamuimika kuseri kwa tebulo atavala nsapato zatsopano, akupereka mphatso kwa mwana wa msinkhu wake amene waima pa mzere. Zimene amaphunzira pamenepo ndi zoti pali anthu opatsa ndi anthu olandira, ndipo iye ali m'gulu loyamba. Mnzake uja amaphunziranso chimodzimodzi, ali mbali inayo. Akakumana kusukulu mu Januwale, onse awiri amakumbukira.

Ine ndingakonde kuti ana athu aang'ono angolowa m'gulu, aime pa mzere womwewo, adye m'mbale zofanana, alandire kaphukusi kofanana ndi ka anzawo. Okulirapo apatsidwe ntchito zenizeni: kutunga madzi, kuthirira anzawo m'manja, kuyendetsa masewera, kutola zinyalala. Ndipo pali ntchito imodzi imene iwo okha ndi amene angaithe. Ana athu obadwira kuno amayankhula Setswana kuposa ife. Ambirife timangodziwa moni ndi mawu a kuntchito. Tsiku limenelo mwana wanu wa zaka khumi ndi ziwiri ndiye womasulira pakati pa inu ndi agogo a m'mudzi. Kunyumba timawadzudzula kuti akuiwala Chichewa. Kumeneko mudzaona phindu la malilime awiri amene ali nawo, ndipo iwonso adzaliona. Muwauze pasadakhale kuti zimene aone pa khomo la mnzawo si zokakamba kusukulu.

Za mphatso, pali phunziro labwino kwa a Santa Shoebox Project, amene anayamba ku Cape Town mu 2006. Wopereka amadziwa dzina loyamba la mwana, msinkhu wake ndi saizi ya zovala, ndipo m'bokosi lililonse mumalowa zinthu za mitundu yofanana: mswachi, mankhwala otsukira mano, sopo, kansalu kosambira, chovala, zolembera, maswiti ndi chidole. Nzeru yake ndi yoti mwana amalandira chake chomukwana, ndipo palibe amene amatsegula bokosi n'kupeza njinga pamene mnzake wapeza pensulo. Ifenso tigwirizane mndandanda umodzi. Zovala zakale zong'ambika zimene mwana wanu anazikana, musazikulunge m'pepala lonyezimira. Ndipo poti Januwale ali pafupi, makope, masokosi a sukulu ndi nsapato zakuda zimapepuza kholo kuposa chidole cha mabatire.

Koma mndandanda wa maina uli ndi msampha wake. Mukalemba ana zana limodzi, abwera zana ndi makumi asanu, chifukwa fungo la nyama silifunsa amene analembedwa. Phikani moonjezera, ndipo sungani timaphukusi tina pambali. Chachiwiri, pa geti pasakhale wofunsa satifiketi ya kubadwa. M'midzi ya m'migodi muli ana a makolo ochokera ku Mozambique, ku Lesotho, ku Zimbabwe, kwathu, komanso ana a Atswana enieni amene mayi anamwalira asanawalembetse. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula, pa mlandu umene Centre for Child Law inabweretsa, kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Ngati sukulu ya boma singamubweze, ife ndi mbale yathu ya mpunga ndife ndani? Nkhani imeneyi ikambidwe ndi eni phwando poyambirira, mofatsa, chifukwa ena angaganize kuti tikufuna kudyetsa ana athu okha ndi dzina la mudzi wawo.

Mafoni. Ndikudziwa kuti achibale kumudzi afuna kuona pa Facebook kuti ku Joni tikuchita zazikulu. Lamulo la dziko lino loteteza mbiri ya munthu, limene amati POPIA, sililola kufalitsa za mwana popanda chilolezo cha kholo kapena womulera. Ngakhale lamulo likanapanda kutero, dzifunseni ngati mungakonde kuti chithunzi cha mwana wanu atatambasula manja kulandira chakudya chiziyenda m'mafoni a anthu osawadziwa, pansi pake atalemba kuti "ana ovutika". Musankhe munthu mmodzi wojambula, ajambule miphika, tenti, masewera chapatali, ndi inu amene mukugwira ntchito. Ena nonse mafoni m'thumba, manja akhale omasuka.

Pali lamulo lina limene sindifuna kuti tikambirane n'komwe: wamkulu asakhale yekha ndi mwana amene si wake, kaya m'galimoto, kaya kuseri kwa tchalitchi, kaya pomuperekeza kuchimbudzi. Akulu azikhala awiriawiri, mmodzi akhale wa m'mudzimo. Izi zimateteza mwana, zimatetezanso inu. Mwana akakuuzani chinthu chodetsa nkhawa cha kunyumba kwawo, musathamangire kukafunsa makolo ake ndipo musalonjeze kuti musunga chinsinsi. Uzani mayi amene akutsogolera, amene amadziwa wa zachisamaliro cha anthu wa m'deralo. Nambala ya Childline ndi 116, ndipo ndi yaulere.

Wina anandifunsa za Father Christmas. Ngati pali m'bale wolimba mtima woti avale chijasi chofiira ndi ndevu za thonje pa dzuwa la ku Pilanesberg, sindimuletsa, koma mumuikire madzi pafupi, ndipo dziwani kuti ana aang'ono theka adzalira. Sewero la kubadwa kwa Yesu, ana a kumeneko ndi athu atasakanikirana, abusa a ziweto atafunda mabulangete, limasangalatsa kuposa pamenepo ndipo silifuna ndalama.

Zolankhula zikhale zochepa. Ana afika m'mawa ndi njala, ena ayenda mtunda. Pemphero, mawu a mwini malo, kenako adye. Ngati tcheyamani wathu ali ndi mawu, awanene kwa akulu okhaokha ana akusewera. Phwando lithe dzuwa likadali m'mwamba kuti aliyense akafike kwawo kukuwala, ndipo galimoto yathu yomaliza isanyamuke miphika isanatsukidwe, phulusa lisanaoledwe, mipando isanabwerere kumene inabwerekedwa.

Mlembi ali ndi pepala pakhomo. Banja lililonse lilembe maina, misinkhu ya ana, ndi ntchito imene lingathe: galimoto, migolo, kuphika, masewera, kumasulira. Pali danga linanso la amene angabwererenso sabata yotsegulira sukulu mu Januwale kukapereka makope ndi nsapato, chifukwa zimenezo ndi bwino kuzigula amayi aja atatipatsa masaizi. Tifunikanso anthu atatu, mmodzi wodziwa bwino Setswana, oti apite kukaonekera kwa eni mudzi mwezi uno usanathe. Mpaka atabwerako ndi yankho, wina asagule kanthu.